Lona la Amalume ndi Mvula ya Chizimalupsa

Pansi pa bedi langa pali bokosi lachitsulo, ndipo m'bokosimo muli kachikwama kobiriwira kamene ndinasoka ndekha ndi chidutswa cha lona. M'kachikwamako ndimasungamo mapepala anga: khadi la ubatizo, makadi a kusikelo a ana anga, malisiti a malata a nyumba ino, ngakhale kapepala ka mankhwala a maso amene anatha kalekale. Adzukulu anga amandiseka, amati ndidzaikidwa m'manda pamodzi ndi malisiti. Aziseka choncho. Tsiku limene adzafunsidwe umboni wa chinthu adzabwera kuno akukanda m'mutu. Koma lero sindikunena za mapepalawo, ndikunena za nsalu imene yawakutira. Pangodya pake patsala mphete imodzi yamkuwa ndi msoko wa ulusi wokhuthala, ndipo kukatentha kwambiri, ndikaiyandikitsa kumphuno imandipatsabe kafungo ka usipa wouma ndi sera.

Lona limeneli linali la amalume, achimwene awo a amayi. Anali ndi pikapu yakale, imene inabadwa yoyera koma inali itatenga mtundu wa misewu yathu. Ankagula nsomba zouma kudoko n'kumakagulitsa m'misika ya kumtunda. Kumbuyo kwa galimotoyo anakhomerako zitsulo zopindika ngati nthiti za ng'ombe, ndipo pamwamba pa zitsulozo ndi pamene pankagona lona. Linali lolemera moti ine, kamtsikana ka sukulu, sindikanatha kunyamula ngakhale theka lake. Amalume ankalisamala kuposa malaya awo. M'misoko yake ankapakamo sera ya kandulo kuti madzi asalowe. Pakang'ambika pang'ono ankakhala pansi ndi singano yosokera matumba, osadya kufikira atatseka. Silinkapindidwa lili lonyowa, poopa chuku, ndipo silinkagona pansi, poopa chiswe. Pomanga ankadutsitsa chingwe cha khonje m'mphete iliyonse, osadumpha ngakhale imodzi, kenako n'kumenya pamwamba ndi chikhatho kuti amve ngati lakungika. Likalira ngati ng'oma, ankati zatheka.

Masiku ano ndikaima m'mbali mwa msewu ndimaona mapikapu akuthamanga ndi mapepala a pulasitiki abuluu akuuluzika kumbuyo, omangidwa ndi malegeni apa ndi apo, katundu wa eni ake akudya fumbi. Zimandiwawa mumtima. Mdzukulu wanga wina anagula chovindikira cha galimoto yake chimene anati n'chamakono, ndipo sichinaone mvula ya chaka chachiwiri. Lisiti lake lili kuno, ndinamulanda. Munthu amene sadziwa kumanga lona asamapatsidwe katundu wa anthu. Amalume ankatero, ndipo ine ndimaterobe.

Chaka chimene ndikukumbukacho ndi chimene abambo anamwalira. Tinkakhala kwawo kwa abambowo, ku Maganga, pakati pa minda ya mpunga. Amayi anali a ku Chitala, ndipo ku Maganga anabwera chitengwa, kutsata mwamuna. Abambo anadwala chifuwa nyengo yonse ya mwera, natisiya mphepo yozizirayo ikutha. Titameta tsitsi la maliro, akuluakulu anagwirizana kuti amayi akhale kaye pamudzipo mpaka mvula ikayandikira, ndipo pamenepo adzasudzulidwa, kuti akapeze nthawi yobzala kwawo. Ine ndinkadziwa kuti tidzasamuka. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mkazi wamasiye amatha kuchoka pamudzi m'njira ziwiri. Amatha kuchoka akumuperekeza, khomo n'kukhala lotseguka kwa iye ndi ana ake. Amathanso kuchoka anthu atamuloza chala kuti wabera malemu, ndipo zikatero mwana wake sadzapondanso pamanda pa bambo ake popanda kunong'onezana kwa anthu. Amayi ankafuna njira yoyambayo, ndipo miyezi yotentha imeneyo inatsala pang'ono kuwalanda.

Kutsidya kwa bwalo lathu kunali nyumba ya azakhali, alongo awo aakulu a abambo. Ndiwo amene analera abambo, agogo atamwalira msanga. Ine ndinapatsidwa dzina la agogowo, choncho azakhali sankanditchula dzina, ankangoti "mayi anga". Akaphika ndiwo zabwino, kambale kankawoloka bwalo kubwera kwathu, ndipo amayi sankakabweza kopanda kanthu. Maliro atachitika azakhali anaonda, maso analowa m'kati. Ankakhala pakhonde tsiku lonse akupeta mpunga umene unali wopeta kale, nkhope italoza kunyumba kwathu.

Amalume anayamba kumatipatukira nthawi zonse akamachokera kudoko. Anali ndi chisoni ndi mlongo wawo, ndipo chisoni chawo sichinkadziwa mawu, chinkangodziwa nsomba. Koma taonani mmene ankachitira. Dzuwa la nyengo imeneyo linkawotcha moti nthaka ya m'minda ya mpunga inkang'ambika ming'alu yolowa phazi, ndipo nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuchita kuwawa. Amalume sankalola lona lawo kuima padzuwa lotero, ankati sera imasungunuka. Mthunzi wokhawo unali wa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu. Ndiye ankalowetsa galimoto chobwerera m'mbuyo mpaka kuseriko, kumene maso a pabwalo sankafika. Ankamasula ngodya imodzi, kutapa usipa kapena kutulutsa kampango wowamba, kupatsira amayi pakhomo la kuseri, n'kumanganso mphete zonse bwinobwino. Kenako galimoto inkatulukira pabwalo itafundidwa mpaka pansi, n'kudutsa pakhonde la azakhali pang'onopang'ono chifukwa cha mabampu.

Tsopano ndakula, ndimadziika pakhonde la azakhali lija. Ukuona galimoto ikubisala kuseri kwa nyumba ya mlongo wako amene wangoikidwa kumene. Ukumva khomo la kuseri likutseguka. Ukuiona ikutuluka itamangidwa ngati mtolo wa mfiti. Sindikuwalungamitsa azakhali, ayi. Akanatha kudzuka, kuwoloka bwalo, n'kufunsa. Miyendo anali nayo. Koma ndikudziwa kumene maganizo awo anachokera.

Ine nkhaniyi ndinaimvera kusukulu. Tikusewera fulaye nthawi yopuma, mtsikana wina amene ndinamugenda ndi mpira anakwiya n'kunena kuti galimoto ya amalume anga imabwera ndi njala n'kubwerera itakhuta. Anzake anaseka. Ine ndinamuyankha monyada kuti n'zabodza, imabwera itakhuta n'kubwerera itachepako pang'ono, chifukwa amatisiyira ndiwo. Anasekanso kwambiri, ndipo ndinapita kunyumba ndikuganiza kuti ndawagonjetsa.

Kambale ka ndiwo kanasiya kuwoloka bwalo. Azakhali akandiona ankandiyankha moni ndi mutu wokha. Tsiku lina masana analowa m'nyumba mwathu, nakhala pamphasa osalandira madzi amene ndinawapatsa. Maso awo ankayenda ndi khoma. Anaona njinga ya abambo ili pamalo pake, wailesi ili pa shelefu, mpando wa ndalema uli pangodya. Kenako anafika pa msomali umene pankapachikidwa jekete la abambo la kutchalitchi. Msomali unali wokha.

"Alamu," anatero, "kodi jekete la mlongo wanga nalonso lapita kukagulitsa nsomba?"

Amayi anayang'ana pansi. Ine ndinkadziwa kumene jeketelo linali. Amayi anali atalichotsa pamsomali n'kuliika pansi pa pilo wawo, ndipo m'mawa uliwonse poyalula ndinkaliona litakwinyika. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma amayi anandiyang'ana ndi diso limene mwana aliyense amalidziwa, ndipo ndinameza mawu anga. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse kuti kwa amayi kunali kopepuka kutchedwa wakuba kusiyana n'kuulula pamaso pa mlamu wawo kuti amagona atatsamira fungo la mwamuna wawo.

Amalume atabweranso, amayi anawauza zonse ali kuseri kuja, nawapempha kuti aziimika galimoto pabwalo ndipo azichoka osafunditsa. Amalume anakwiya ngati awatukwanira mkazi. Anati nsomba zawo sizingadye fumbi chifukwa cha pakamwa pa anthu opanda chochita, kuti lona lawo silinabepo ngakhale singano, ndiponso kuti amene akufuna kuona za m'kati abwere adzamasule yekha, bola adziwe kumanganso. Anali munthu wolungama amalume, koma wolungama mwa mtundu wouma uja, woganiza kuti ukakhala wosalakwa basi nkhani yatha. Ine ndinatengera iwowo, ana anga amatero. Amayi anangoti ngati ndi choncho, asabwerenso mpaka tsiku la chisudzulo. Ndipo sanabwere. Masabata amenewo tinadya masamba a chinangwa ndi therere, ndipo ine ndinkadandaula poyera.

Kutatsala pang'ono kuti tisamuke, aphunzitsi anandiitana n'kundipatsa pepala loti ndikapereke kusukulu ya ku Chitala. Analilemba ndi inki yabuluu, m'malembo opendekera okongola, ndipo linkanena kalasi yanga ndi kuti ndinali wakhama pa masamu. Aka kanali koyamba kuona dzina langa lonse litalembedwa ndi munthu wamkulu. Anandiuza kuti ndisalipinde ndipo ndisalinyowetse. Ndinaliika pakati pa kope langa, kope ndinaliika m'dengu la zovala zanga, ndipo tsiku lililonse ndinkalitulutsa kuti ndione ngati likadalipo.

Tsiku la chisudzulo linacha lotentha modabwitsa, kopanda ngakhale kamphepo. Amalume anabwera m'mawa ndi ankhoswe a kwathu, bambo wachikulire wa ndodo, ndipo ulendo uno anaimika galimoto pakati pa bwalo. Anthu anakhala pansi pa mtengo, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Mkulu wa mpingo anapemphera. Ankhoswe a kwa abambo anathokoza amayi chifukwa chodwazika malemu mpaka mapeto, nanena kuti kuyambira tsikulo ndi omasuka. Kenako katundu anatulutsidwa. Za abambo zinaikidwa pamphasa ina: njinga, wailesi, makasu, chikwakwa, mpando wa ndalema. Za amayi pamphasa ina: mtondo ndi munsi, miphika, bokosi la zovala, matiresi ya thonje, dengu langa, ndi thumba la mpunga limene anatipatsa ngati gawo la thukuta la amayi. Pomalizira amayi analowa m'nyumba okha, natuluka ndi jekete lija. Sanaliike pamphasa. Anagwada n'kuliika m'manja mwa azakhali. Linali lokwinyika paliponse, ndipo pakolala panali pataderako mafuta a m'mutu mwa amayi. Azakhali analitembenuza, naliyang'ana nthawi yaitali.

Koma jekete limodzi silikanatseka nkhani yonse. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akunong'oneza mnzake kuti zooneka ndi izi, nanga zimene zinapita kale ndani anaziona.

Amalume anapakira katundu mwa luso lawo, zolemera kutsogolo, matiresi pamwamba. Ali mkati mopakira, kumwamba cha kunyanja kunayamba kuda, ndipo kamphepo kanadutsa pabwalo kakununkhira dothi lonyowa. Inali chizimalupsa, mvula yoyamba ija imene imabwera kudzazimitsa tchire lopsa. Amalume anayang'ana kumwamba, nakwera msanga kuti atambasule lona pa zitsulo zija.

"Achimwene, lero ayi," anatero amayi.

"Simukuona kumwambaku, achemwali?"

"Ndikuona. Nawonso anthuwa aone."

Amalume anaima ndi chingwe m'manja. Chigulireni galimotoyo anali asanayendepo ndi katundu wosafunditsa, ngakhale tsiku lopanda mtambo. Koma anatsika, nayala lona pabwalo, nalipinda mmene ankapindira nthawi zonse, ngodya pa ngodya, mokwiya koma mosaphonya, naliika kumbuyo pafupi ndi mtondo. Ankhoswe a kwathu aja anakwera kutsogolo. Amayi anakana kukhala nawo kumeneko. Anakwera kumbuyo, nakhala pa bokosi la zovala, msana uli chilili, ine ndili pambali pawo. Anauza amalume kuti ayendetse mwa liwiro la munthu woyenda pansi mpaka titatuluka m'mudzi.

Mwa mwambo, amayi angapo anatitsata kutiperekeza, ndipo azakhali anali m'gulumo, kumbuyo kwenikweni. Galimoto inkadutsa khomo ndi khomo, anthu ataima m'makonde, ndipo chilichonse chathu chinali poyera: mphika wathu wobooka pakamwa, chigamba cha pamatiresi, munsi wong'aluka. Ine ndinachita manyazi. Amayi ankapereka moni kwa aliyense, kumutchula ndi ulemu wake, ngati akupita kumsika.

Madontho oyamba anali akuluakulu, otentha, ndipo ankasiya mabala akuda pa matiresi. Kenako inakhuthuka. Fumbi la msewu linadumpha n'kugona. Operekeza aja anathawira m'makonde a anthu. Amalume anaimitsa galimoto, natulutsa mutu pazenera kuyang'ana amayi, ndipo amayi anangopukusa mutu. Madzi ankayenderera pankhope pawo, duku litamatirira, manja ali pamaondo. Ine ndinayamba kulira, osati chifukwa cha kuzizira, koma chifukwa dengu langa linali pansi pa matiresi pamene sindikanatha kufika, ndipo ndinkaona madzi akutsikira komweko.

Munthu mmodzi yekha sanathawe. Azakhali anapitiriza kuyenda pakati pa msewu, mvula ikuwamenya, dzanja limodzi litagwira chinthu pansi pa chitenje chawo. Atatipeza anaponda pa tayala, nakwera theka, nagwira lona lija pangodya ndi dzanja limodzi lomwelo. Analikoka mwamphamvu moti mapindidwe onse a amalume anabalalika, ndipo ndinamva nsalu ikung'ambika pafupi ndi mphete. Analiponya pamwamba panga, nalikanikiza m'mbali mwanga ngati akufunditsa khanda.

"Zanuzo zinyowe, alamu, mwasankha nokha," anatero. "Koma uyu ndi wathu. Musatidwalitsire mayi athu."

"Ndamva, alamu," anatero amayi.

"Mpunga ukayamba kucha abwere. Mbalame zimatitha ife kuno."

"Adzabwera."

Mawu onse anali omwewo. Galimoto inanyamuka. Pansi pa lona panali mdima wobiriwira, fungo la usipa ndi sera, ndi phokoso la mvula ngati anthu ambiri akuwomba m'manja. Ndinapeza mphete ina yamkuwa n'kuikapo diso. M'kabowo kameneko ndinaona azakhali ataima pamsewu, akucheperachepera, atanyowa thupi lonse. Chimene anagwira pansi pa chitenje chinatulukira pang'ono. Unali mkono wa jekete la abambo, ndipo ankaubwezera m'kati kuti usanyowe.

Ku Chitala tinafika mvula itakata. Matiresi inatenga masiku ambiri padzuwa ndipo sinasiye kununkha. Mpunga tinauyanika pamphasa, wina unawola. Amalume anapachika lona pa mtengo, napeza pong'ambika paja, ndipo anang'ung'udza mpaka madzulo kuti mkazi amene uja alibe ulemu ndi zinthu za eni ake. Anasoka ndi singano yawo ija, msoko wokhuthala umene ndikuukhudza pano ndikulemba. Patapita zaka, lona litakalamba n'kuyamba kudulidwa zidutswa, ndinapempha ngodya imeneyo. Amalume anandifunsa chifukwa chake ndikusankha pogamba pamene pali malo abwino, ndipo ndinangoti ndi pomwepo ndikufuna.

Pepala la aphunzitsi ndinalipeza litamatirira ku kope. Inki inali itayenderera, dzina langa litasanduka mtambo wabuluu, ndipo mawu a masamu aja anali atapita onse. Kusukulu yatsopano anandilandirabe, atandifunsa mafunso pang'ono. Pepalalo lili m'kachikwamamu, ndilo lakale kuposa onse, ndipo palibe angawerengepo kanthu.

Ku Maganga ndinapitadi mpunga utayamba kucha, ndipo ndinkapita tchuthi chilichonse mpaka nditakwatiwa. Ndinkagona m'nyumba ya azakhali, ndinkaingitsa mbalame m'munda wa abambo, ndinkapita kumanda kukalambula popanda wondiyang'ana cham'mbali. Pobwerera ankandisenzetsa kathumba ka mpunga koti ndikapatse amayi, ndipo amayi sankandibweza chimanjamanja. Za galimoto yokhuta sindinazimvenso. Koma ndinene pano, poti ndine munthu wosunga zinthu mmene zinachitikira: azakhali sanapepese. Ndafufuza m'mutu mwanga kambirimbiri, mawu amenewo mulibe. Ndinawafunsa amayi atakalamba ngati zimenezi sizinkawapweteka, ndipo anandiyang'ana modabwa n'kundifunsa ngati tsiku lija ndinali nditagona pansi pa lona paja.

Sindinagone. Ndinali maso njira yonse, ndikulira ndi mkwiyo. Ndinkawerengera m'mutu mwanga kukula kwa lonalo, ndipo ndinkadziwa bwino kuti likanakwana matiresi, mpunga, dengu langa, amayi, ndi ine ndemwe, n'kutsalako lina lolendewera m'mbali. Ndinkaona kuti akuluakulu onse atatu apenga tsiku limodzi. Anali ndi lona labwino koposa m'dera lonselo, ndipo anasiya pepala lofunika kuti liwonongeke, n'kufunditsa mwana woti akanatha kungodzipukuta.